Lipoti: Sitiroberi zonenepa koma zosabereka m'kadimba ka pakhomo ku Zomba

Mmene nkhaniyi inandipezera

Kadimba kake kali kuseri kwa nyumba ku Matawale, mumzinda wa Zomba. Eni ake ndi mayi wina wopuma pantchito, amene anakonza mabedi awiri a sitiroberi kuti azidya ndi adzukulu, zotsala azigulitsako kwa anzawo a kutchalitchi. Mbande anagula kwa anyamata ogulitsa zipatso mumsewu wokwera ku Ku Chawe, ndipo anawokera kumapeto kwa Malichi. Ine anandiitana mkati mwa Julayi, pamene anzawo a kuphiri anali atayamba kale kutsitsa timabasiketi todzaza.

Dandaulo lawo linali lalifupi. "Alangizi, mbewu zanga zikungonenepa, kubereka ayi. Tochepa timene tabereka tikuwolera pomwepo." Iwo anali atagamula kale kuti vuto ndi njala, ndipo chimene ankafuna kwa ine ndi dzina la feteleza wina woti akagule.

Ndalemba lipotili chifukwa vuto lotere silipezeka kwa alimi aulesi. Limagwera anthu akhama, amene tsiku silipita osaponda m'dimba, ndipo nthawi iliyonse akafikamo amafuna kusiyamo kanthu.

Zimene ndinapeza

Bedi lililonse linali la mamita 5 m'litali ndi mita 1.2 m'lifupi, lotukulidwa pang'ono. Loyamba linali padzuwa tsiku lonse. Lachiwiri linali kufupi ndi mtengo wa mango, ndipo mthunzi unkaligwira kuyambira masana. Mbande anazibzala motalikirana masentimita 30, zomwe n'zoyenera, koma pofika Julayi dothi silinkaonekanso. Mphukira zoyanga, zimene mayiwo ankazitchula kuti ana, zinali zitamera mizu paliponse ndi kutseka mipata yonse.

Munthu wongodutsa akanayamikira. Masamba anali aakulu, obiriwira moderako, a mapesi aatali ndi ofewa. Koma nditagwada n'kukankhira masambawo pambali, pansi pake panali nkhani ina. Dothi linali lonyowa ngakhale inali cha m'ma 10 koloko m'mawa, fungo lake la chinyontho chokhalitsa. Zipatso zinali zochepa, ndipo zambiri mwa izo zinali zitagona padothi, zitavala chuku chotuwa chimene ukachikhudza chimafumbuka. Zina zinali zofiira mbali imodzi, mbali yokhudza pansi itasanduka phala. Ndinalawa chimodzi chooneka chabwino: chamadzimadzi, chosatsekemera, chosanunkhira.

Masamba akale anali opserera m'mphepete, mzere wofiirira wouma wozungulira tsamba lonse. Masamba ang'onoang'ono otuluka pamtima, pakati pa mbewu pamene masamba ndi mizu zimakumana, anali ndi nsonga zakuda zokhwinyata. M'mphepete mwa bedi, pamene dzuwa linkaumitsa dothi, panali kachikoko koyera.

Ndinazula mbewu imodzi pa bedi lililonse. Mizu ya sitiroberi yathanzi imakhala yoyererako, yokhala ndi timizu tambirimbiri tatsopano. Iyi inali yofiirira, nsonga zake zitafa, ndipo yonse inathera pamwamba, osafika ngakhale masentimita 10. Nditadula mtima pakati, mkati mwake munali moyera. Apa ndinapuma, chifukwa mtima ukakhala wofiira kapena wakuda mkati ndiye kuti matenda owoletsa alowa kale, ndipo malangizo ake amangokhala kuzula. Timapepala toyezera dothi tinaonetsa pH (muyeso wa asidi wa m'dothi, umene umakwera asidiyo akamachepa) yopitirira pang'ono 7, pamene sitiroberi zimakonda dothi la pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Zimene ankachita tsiku ndi tsiku

Mbewu imakuonetsa zizindikiro, koma chiyambi cha vuto umachimva kwa mwini wake. Tinakhala pakhonde n'kuyamba kukambirana pang'onopang'ono.

Pobzala anathira zitosi za nkhuku zongochokera m'khola, ndowa zingapo pa bedi. Kuyambira Meyi, ataona kuti maluwa akuchedwa, anayamba kuthira yureya wotsala ku chimanga, supuni ya tiyi pa phando lililonse, milungu iwiri iliyonse. Phulusa la pambaula ankaliwazanso m'mabedimo pofuna kuthamangitsa nkhono.

Kuthirira kunali kwa madzulo, dzuwa litalowa, ndi keni yokhala ndi chisefa chake, madzi akugwera pamasamba. Poopa bilu ya madzi, theka la madziwo linali lochapira zovala ndi lotsukira mbale, lokhala ndi sopo waufa. Keni ziwiri pa bedi, tsiku lililonse, kaya kwatentha kaya kwachita chiperoni.

Nditafunsa chifukwa chimene anasankhira yureya, anandiyang'ana modabwa. "Nanga si ndiye wobereketsa, alangizi?" Sanalakwe potengera mmene tonse tinaphunzirira. Kumunda wa chimanga timati wokulitsa ndi NPK, wobereketsa ndi yureya, ndipo pa chimanga zimayendadi motero. Koma m'thumba la yureya muli chakudya chimodzi chokha, nayitirojeni, magawo 46 pa 100 aliwonse. Ntchito yaikulu ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba.

Chimene chinali kuchitika

Tiwerengetsere. Supuni ya tiyi imatenga pafupifupi magalamu 4 a yureya. Pa mabzalidwe a masentimita 30, sikweya mita imodzi imakhala ndi mbewu pafupifupi 11. Ndiye kuti ulendo uliwonse ankathira magalamu 44 a yureya pa sikweya mita, momwe muli nayitirojeni wokwana magalamu 20. Sitiroberi zimafuna magalamu a pakati pa 10 ndi 15 a nayitirojeni pa sikweya mita pa nyengo yonse, kuyambira kubzala mpaka kumaliza kukolola. Kuthira kamodzi kokha kunali kutapitirira kale chakudya cha chaka chathunthu, ndipo mayiwo anali atabwereza kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamwamba pa zitosi zija.

Sitiroberi zimene timalima kuno zimakonza maluwa ake mkati mwa mtima nthawi imene masiku ndi aafupi ndipo kunja kukuzizira. N'chifukwa chake zimachita bwino pamwamba pa phiri la Zomba, pa mamita pafupifupi 1,800, kusiyana ndi m'tauni muno mmene tili pa mamita pafupifupi 900. Kwa ife a kunsi mwayi wake ndi wa miyezi yochepa, Meyi mpaka Julayi. Mbewu ikapeza nayitirojeni wochuluka m'miyezi imeneyi imatanganidwa ndi masamba ndi kubala ana, maluwa n'kuchedwa kapena kuchepa. Zipatso zimene zakwanitsa kutuluka zimakhala zofewa khungu, zopanda shuga wokwanira.

Chachiwiri ndi mchere. Sindikunena wa m'ndiwo wokha. Feteleza aliyense wa m'thumba akasungunuka amasiya michere m'dothi, zitosi zosawola zili nawo wambiri, ndipo sopo waufa ali ndi sodiyamu. Pa mbewu zonse za m'dimba, sitiroberi zili m'gulu la zosapirira mchere ngakhale pang'ono. Mchere ukachuluka kuzungulira mizu, mbewu imalephera kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa, timizu tatsopano timapsa, ndipo m'mphepete mwa masamba mumauma. Mwini dimba akaona kuumako amaganiza kuti ndi ludzu kapena njala, amawonjezera zonse ziwiri, vuto n'kukula. Kachikoko koyera kaja kanali mchere wotsalira madzi atauma. Keni ziwiri patsiku zinkangonyowetsa pamwamba, osakwanira kukokolola mcherewo kupita pansi.

Nsonga zakuda za masamba aang'ono zinali chizindikiro chakuti kashiamu, chakudya china cha mbewu, sakufika kumeneko. Kashiamu amayenda ndi madzi kuchokera kumizu, ndiye mizu ikavulala pamene masamba akukula mothamanga, nsonga zanthete ndi zimene zimayamba kusowa. Kugula mankhwala opopera a kashiamu kukanangokhala kutaya ndalama, chifukwa m'dothimo analimo. Phulusa ndi sopo ndi zimene zinakweza pH.

Chuku chotuwa chija akatswiri amachitcha Botrytis. Chimalowera pa duwa, n'kubisala mpaka chipatso chitayamba kupsa. Chimafuna chinthu chimodzi, kuti duwa kapena chipatso chikhale chonyowa kwa maola ambiri kunja kukuzizira. Kuthirira pamasamba madzulo a mu Juni, pabedi lothithikana losalowa mphepo, kunali ngati kuyalira mlendo woipa mphasa usiku uliwonse.

Zimene tinachita

Chovuta kwambiri chinali kuwauza kuti asathire kalikonse. Munthu amene wakuitana kuti umutchulire feteleza sakondwa kumva kuti mankhwala ake ndi kusiya. Ndinawaonetsa mizu yofiirira ija m'manja mwawo, kenako tinawerengera limodzi masupuni aja papepala. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndazidyetsa mpaka kuzidwalitsa." Thumba la yureya linabwerera kunkhokwe kudikira chimanga, phulusa linapita ku dzenje la kompositi, ndipo madzi a sopo tinawapatsa ntchito ina pa nthochi za kumpanda.

Tsiku lomwelo tinayeretsa mabedi. Tinadula ana onse, tinazula mbewu zomera pakati kuti mipata ya masentimita 30 ibwerere, tinachotsa masamba akale ogona pansi ndi opserera kwambiri, ndipo zipatso zonse zachuku tinazitola mosamala n'kukazikwirira kutali. Pa mbewu iliyonse tinasiya masamba athanzi okwanira. Kumeta mbewu mpaka kutsala mtima wokha pakati pa nyengo yobereka kumaibweza m'mbuyo.

M'mawa mwake anatsuka dothi. Bedi lililonse linalandira madzi oyera a pampopi malita pafupifupi 300, pang'onopang'ono, kudikira kuti alowe asanawonjezere ena, mpaka kudutsa kunsi kwa mizu. Anabwerezanso patatha masiku anayi. Izi zinatheka chifukwa mabediwo ndi otukulidwa ndipo dothi lake limamwa madzi. Padothi lamakande kapena pamalo olowa, kuchita zimenezi kungawoletse mizu, ndipo ndikanayamba ndi kukumba ngalande.

Kenako tinaphimbira ndi udzu wouma wopanda njere, kuchindikala kwake masentimita 5, tikuulowetsa pansi pa masamba ndi zipatso koma kusiya kampata kuzungulira mtima. Amene ali kufupi ndi nkhalango ya paini angagwiritse ntchito masamba ake ouma, amagwira bwino ntchito yomweyi. Kuphimbira kumathandiza patatu: chipatso sichikhudza dothi, chinyontho chimakhalitsa, ndipo mchere sukwera msanga pamwamba.

Kathiriridwe katsopano

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa feteleza umathira mwa apo ndi apo pamene madzi ndi a tsiku ndi tsiku.

Mizu yambiri ya sitiroberi ili m'masentimita 15 mpaka 30 a pamwamba. Siingatsate madzi akuya monga imachitira mizu ya tomato, komanso siipirira kukhala m'matope. Nyengo yozizira mbewuzi zimafuna madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 25 pa mlungu. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, choncho bedi la masikweya mita 6 limafuna malita 150 pa mlungu, kapena kuti keni 15 za malita 10. Chodabwitsa n'chakuti mayiwo ankathira pafupifupi mlingo womwewo, keni 14 pa mlungu. Cholakwika sichinali kuchuluka kwa madzi. Chinali nthawi yake, malo ogwera, mtundu wa madziwo, ndiponso kuwagawa tizigawo ting'onoting'ono tosafika pansi.

Tinagwirizana kuti m'nyengo yozizira azithirira katatu pa mlungu, keni zisanu pa bedi, m'mawa dzuwa likungotuluka. Chisefa cha keni tinachichotsa kuti madzi azithiridwa pansi, pakati pa mizere, osakhudza maluwa. Madontho ogwera pamasamba m'mawa amauma pofika 9 koloko, ndipo chuku sichipeza mpata.

Koma ndinawachenjeza kuti asakhale kapolo wa kalendala. Asanatunge madzi, azikankha udzu n'kulowetsa chala mpaka pamfundo yachiwiri. Akatapa dothi la pamenepo n'kulifumbata, likagwirana koma n'kusweka atalikhudza, madzi alimo okwanira. Likangoyoyoka, athirire. Likatulutsa madzi kapena kumata m'manja, adikire. Masiku a chiperoni mlungu ungathe ndi kuthirira kamodzi kokha. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, mlingo umakwera kufika malita 240 kapena kuposerapo pa bedi pa mlungu, ndipo pamenepo kuthirira kwa tsiku lililonse m'mawa kumakhala koyenera.

Mdzukulu wawo wamkulu anatola mabotolo a malita awiri, anaboola timabowo tiwiri kunsi kwake ndi msomali wotentha, n'kuwakwirira theka pakati pa mbewu. Akadzaza m'mawa, madzi amatsika pang'onopang'ono kumizu. Si njira yodalira pa munda waukulu, ndipo timabowo timatsekeka ndi dothi, koma pa mabedi awiri inathandiza masiku amene agogo ake anali paulendo.

Chakudya pambuyo pake

Kwa milungu inayi mbewuzo sizinalandire kanthu koma madzi. Masamba atsopano atayamba kutuluka opanda nsonga zakuda, ndipo maluwa atachuluka, tinathira feteleza wa fodya wa D Compound, wa 8:18:15 (manambala oimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu), magalamu 25 pa sikweya mita. Ndinasankha ameneyu chifukwa nayitirojeni wake ndi wochepa, ali ndi potaziyamu amene amalimbitsa ndi kutsekemeretsa chipatso, komanso amapezeka m'masitolo a zaulimi. Palinso chifukwa china. Fodya, mofanana ndi sitiroberi, sagwirizana ndi kolorini wambiri, choncho feteleza wake amakonzedwa moganizira zimenezo. Chitowe cha 23:21:0+4S sichikanathandiza, mulibe potaziyamu ngakhale pang'ono.

Kathiridwe kake: kukankha udzu, kukanda kamzere kosaya pakati pa mizere ya mbewu, masentimita 10 kuchoka pamtima, kuwaza, kukwirira, kenako kuthirira. Kambulu kamodzi kakagwera pamtima kamawotcha. Tinathira kamodzi basi pa nyengo yonse yotsalayo.

Zotsatira

Kusintha koyamba kunaoneka pa chuku. Patatha milungu iwiri zipatso zowola zinali zapatalipatali, popanda kupopera mankhwala alionse. Masamba opserera sanachire, tsamba lopsa silibwerera, koma atsopano anatuluka athunthu, ocheperako ndi olimba. Nditakanda pambali pa mbewu ina mu Ogasiti ndinapeza timizu toyera tatsopano.

Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamatenga pafupifupi mwezi, ndiye zipatso zenizeni zinayamba kumayambiriro kwa Sepitembala. Bedi la padzuwa linabereka mokhutiritsa mpaka mu Okutobala, zipatso zolimba, zofiira mpaka kukhosi, zotsekemera. Mayiwo ankathyola masiku awiri alionse m'mawa, zokwanira pakhomo ndi timbale tochepa togulitsa. Sizinafike pa zimene bedi lotero lingapereke likayendetsedwa bwino kuyambira pachiyambi, chifukwa miyezi yozizira yokonzera maluwa inali itapita yambiri.

Bedi la pansi pa mango linangosintha pang'ono. Chuku chinachepa, koma maluwa anakhalabe ochepa ndipo zipatso zinali zowawasa. Sitiroberi zimafuna dzuwa la maola osachepera 6 patsiku, ndipo palibe feteleza kapena kathiriridwe kamene kangalowe m'malo mwake. Mizu ya mango nayonso inkalanda madzi kunsi.

Mu Okutobala kutatentha kunabwera akangaude ofiira. Masamba anayamba kuoneka ngati awazidwa timadontho tachikasu, ndipo kunsi kwake kunali tiulusi. Tinachotsa masamba ogwidwa kwambiri, ndipo kwa masiku angapo mayiwo ankatsuka kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu m'mamawa. Apa anandifunsa, akuseka, ngati sindikudzitsutsa, popeza ndine ndinaletsa kunyowetsa masamba. Kusiyana kwake ndi nyengo: m'mawa wa Okutobala tsamba limauma pasanathe ola, pamene madzulo a Juni limagona lonyowa mpaka kucha.

Dongosolo la nyengo yotsatira

Bedi la pa mango lisiyidwa, mubzalidwe ndiwo zamasamba zopirira mthunzi. Pa bedi la padzuwa tinaika timitengo pa mbewu zimene zinabereka bwino ndipo sizinadwale. Zimenezi zokha ndi zimene zidzaloledwe kutulutsa ana nthawi ya mvula, ndipo pa mphukira iliyonse adzatenga ana awiri oyamba, amene amakhala amphamvu kuposa a kunsonga.

Bedi latsopano likonzedwa mu Febuluwale, pamalo pamene sipanalimidwe tomato, mbatata ya kachewere, biringanya kapena tsabola zaka zapitazi, chifukwa mbewu zimenezi zimasiya m'dothi matenda ofotetsa amene amagwiranso sitiroberi. Zitosi za nkhuku zipita kaye mu kompositi kwa miyezi iwiri kapena itatu mpaka zitazizira ndi kusiya kununkha, kenako ndowa imodzi ya malita 10 pa sikweya mita idzasakanizidwe ndi dothi mwezi umodzi asanawokere. Powokera mu Malichi, mtima uzikhala molingana ndi pamwamba pa dothi: ukakwiririka umawola, ukakhala pamwamba mizu imauma. D Compound adzathira kawiri, powokera ndiponso maluwa akayamba, pa mlingo uja wa magalamu 25. Ana onse otuluka kuyambira Epulo mpaka kumaliza kukolola azidulidwa akangooneka.

Mayiwo anapempha kuti ndiwalembere zonsezi pa katoni yoti apachike kukhitchini. Pamwamba pake anawonjezera okha ndi cholembera tsiku loyambira kuunjika kompositi, mlungu woyamba wa Disembala.